Mowa womanga m'kamwa ku Chilomoni: nkhani ya mchere, mjigo ndi thanki

Bambo amene ndikufotokoza nkhani yawo pano anafika kwathu Loweruka lina pakati pa mwezi wa Novembala atanyamula mabotolo atatu m'kachikwama. Ine ntchito yanga ndi yoyeza madzi ndi zakudya mu labotale, ndipo anthu ochepa amene amafulula mowa wa barele kunyumba mu Blantyre muno amadziwa kuti Loweruka ndimapezeka pakhomo. Anandandalika mabotolowo patebulo n'kunena kuti, "Achimwene, lawani nokha. Ine zandikanika."

Ndi bambo a zaka za m'ma 40, amakhala nyumba ya lendi ku Chilomoni, ndipo pa nthawiyo anali atafulula kwa chaka ndi theka. Chimera cha barele, hops (timaluwa topatsa mowa kuwawa ndi fungo) ndi yisiti amawabweretsera mlamu wawo woyendetsa thiraki ya ku Johannesburg. Ulendo uliwonse amafulula malita 20 a mowa woyera wa mtundu wa pale ale: chimera makilogalamu 5, madzi malita 30, theka la madziwo n'kuphikira phala la chimera pa madigiri 66 kwa ola limodzi, theka linalo n'kutsukira chimeracho posefa. Ndi munthu wadongosolo. Anabwera ndi kope lolembamo tsiku, kulemera kwa chimera, kutentha kwa phala ndi mphindi imene hops analowa mumphika. Pa masamba onsewo panalibe mzere ngakhale umodzi wonena za madzi.

Botolo loyamba linali la mu Julayi. Mowa wake unali womweka ndithu, koma kumapeto kwake kunkamveka kafungo ka mankhwala, konga ka m'chipinda chomangira mabala kuchipatala. Lachiwiri, la pakati pa Seputembala, linalibe kafungo kaja, koma linkamanga m'kamwa ngati nthochi yaiwisi, ndipo mtundu wake unali woderapo, wosawala. Lachitatu, la kumayambiriro kwa Okutobala, sindinalimalize. Kumanga m'kamwa kuja kunalipobe, pamwamba pake n'kubwera kuwawa kokanda kukhosi, kotsalira lilime litauma ngati wanyambita choko. Anandiuza mwamanyazi kuti anzawo awiri amene anamwa mabotolo angapo a mowa umenewu anagona akuthamangira kuchimbudzi.

Ndinawafunsa chimene anasintha pa ulendo wachitatu. Anati ataona kuti wachiwiri wavuta, anawerenga pa intaneti za madzi a ku Burton upon Trent ku England, kumene mowa wa pale ale unatchukira, ndipo anapeza kuti chinsinsi chake ndi mchere wa gypsum ndi wa Epsom. Zimenezi n'zoona ndithu: madzi a m'zitsime za tawuni imeneyo amadutsa m'miyala ya gypsum ndipo ali ndi sulfate wambiri, amene amachititsa kuti kuwawa kwa hops kumveke kouma ndi kwakuthwa. Iwo anatenga masupuni awiri aakulu a gypsum ndi supuni imodzi ya Epsom ya ku famase n'kuthira mumphika pamene madzi otsekemera aja, amene ofulula amawatcha wort, anali atayamba kale kubwata.

Ndinawapempha kuti adzabwere ndi supuni yomweyo ndi michereyo, atapenso monga anatapira tsikulo. Pa sikelo, gypsum analemera magalamu 26, Epsom magalamu 15.

Anzanga amene mumathandiza ofulula, masamu awa ndi ofunika kukhala nawo pamtima. Galamu imodzi ya gypsum pa lita imodzi ya madzi imapereka calcium wokwana mamiligalamu pafupifupi 232 ndi sulfate 558. Galamu imodzi ya Epsom pa lita imapereka magnesium 99 ndi sulfate 390. Pogawa zimene bambowa anathira ndi malita 20, sulfate anapitirira mamiligalamu 1,000 pa lita, kuposa ngakhale zimene zimalembedwa za madzi a ku Burton, ndipo magnesium anawonjezeka ndi 74 pamwamba pa amene anali kale m'madzimo. Mu mowa timafuna magnesium wa pakati pa 10 ndi 30, komanso chimera pachokha chimabwera naye wokwanira yisiti. Epsom ndi mankhwala odziwika otsegula m'mimba, choncho za anzawo aja sizinandidabwitse.

Vuto lachiwiri linali nthawi imene mcherewo unalowa. Ntchito yaikulu ya calcium imachitika m'phala. Iye amagwirana ndi phosphate wa m'chimera, ndipo pogwiranapo pamatuluka kaasidi kotsitsa pH ya phala (muyeso wa asidi, umene nambala yake imatsika asidi akachuluka) kupita kumene ma enzyme osandutsa sitachi kukhala shuga amagwira bwino, pakati pa 5.2 ndi 5.6. Pothira gypsum phala litasefedwa kale, bambowa anatenga kukoma konse koipa kwa sulfate wochuluka, phindu la calcium m'phala n'kulisiya.

Botolo lachitatu ndinalimvetsa tsiku lomwelo. Loyamba nalo silinandivute: kafungo ka kuchipatala kamabwera klorini wa m'madzi a mumpope akakumana ndi zinthu zina za m'chimera ndi hops, ndipo lilime la munthu limakamva ngakhale kachepe bwanji. Limene linandiimitsa mutu ndi lachiwiri. Kumanga m'kamwa kotere nthawi zambiri kumachokera ku tannin, mankhwala achilengedwe a m'makoko a barele, amene amasungunuka kwambiri pH ikakwera kupitirira 6 potsuka chimera ndi madzi otentha. Nanga n'chifukwa chiyani zinayamba mu Seputembala, munthu yemweyo, chimera cha thumba lomwelo, mphika womwewo? Ndipo kafungo ka klorini kanapita kuti? Funso lachiwirili ndinalifunsa mumtima, koma sindinalitsatire, ndipo apa ndi pamene ndinalakwira.

Ndinawauza kuti abweretse madzi amene amafululira. Lachitatu lotsatira anabwera nawo m'botolo loyera bwino. Powerengera mamiligalamu pa lita, ndinapeza calcium 20, magnesium 8, ndipo mphamvu yolimbana ndi asidi, imene m'malipoti a labotale imalembedwa kuti alkalinity, inali 110. Manambala amenewa ndi ofanana ndi amene ndimawaona m'madzi ochokera mu Shire. Madzi ambiri a m'mipope ya mu Blantyre amapopedwa kuchokera pa Walker's Ferry, ena amachokera ku damu la Mudi, ndipo kuyambira 2019 mbali ina ya mzinda imalandira a mu mtsinje wa Likhubula ku Mulanje. Ndiye kunena kuti "madzi a mu Blantyre" sikutiuza zambiri. Wa ku Chilomoni ndi wa ku Bangwe atha kukhala akufululira madzi osiyana.

Pofuna kuwafotokozera za alkalinity, ndinawafunsa chimene mayi akunyumba amathira m'therere. Anaseka n'kunena kuti soda, kapena chidulo akapita kumudzi. Ndinati bicarbonate amene ali mu soda wa therere ndi yemweyo amene ali m'madzi, ndipo ntchito yake ndi yomweyo, kupha asidi. Chimera choyera chili ndi asidi wochepa kwambiri. Ngakhale m'madzi opanda mchere uliwonse, phala lake limaima cha pa pH 5.7 kapena 5.8. Bicarbonate aliyense wa m'madzi amalikankhira m'mwamba. Calcium amalikokera pansi, koma mphamvu yake ndi yochepa: katswiri wa za mowa wa ku Germany, Paul Kolbach, anasonyeza kuti pamafunika magawo atatu ndi theka a calcium kuti afafanize gawo limodzi la alkalinity, ndipo a magnesium amafunika asanu ndi awiri.

Ndi manambala a sampulo ija ndinakonza dongosolo ili la malita 30. Theka la piritsi lochotsa klorini lotchedwa Campden, lophwanya, chifukwa piritsi lathunthu limachotsa klorini m'malita pafupifupi 75. Gypsum magalamu 4 ndi calcium chloride magalamu 3, zomwe zikanafikitsa calcium pa 78, sulfate wowonjezera 74 ndi chloride 48. Ndinasakaniza michere iwiriyi dala: sulfate amaumitsa ndi kunola kuwawa, chloride amadzaza m'kamwa ndi kukometsa chimera, ndipo munthu amene wangochoka pa sulfate wa 1,000 sindinafune kumubwezera komweko. Epsom ndinachotseratu. Kenako asidi wa lactic wa 88 peresenti, mamililita 5 m'phala ndi 2.5 m'madzi otsukira. Ndinayembekezera pH ya 5.5.

Gypsum wawo wa ku Johannesburg anali atatsala pang'ono, ndipo anandiuza kuti aona wina wotchipa m'sitolo ya zomangira ku Limbe. Ndinawaletsa mwamphamvu. Wa zomangira uja amapangidwira khoma ndi siling'i, amatha kukhala ndi zosakaniza zina, ndipo palibe amene anamuyeza kuti alowe m'mimba mwa munthu. Chimodzimodzinso asidi: wa zakudya yekha, osati wa batire kapena wotsukira matailosi. Ndimabwereza zimenezi kwa aliyense chifukwa ndinamvapo wina akufunsa.

Tinafulula limodzi kunyumba kwawo Loweruka lomaliza la Novembala. Zonse tinayeza pa sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.1 ya galamu. Patatha mphindi 15 phala litakhazikika, ndinatapa pang'ono, n'kuziziritsa m'kapu mpaka kufika pa kutentha kwa m'chipinda, n'kuviika mita yoyezera pH. Inawerenga 5.8. Ndinaganiza kuti mita yanga yasokonekera. Ndinaiyesa m'madzi ake oyesera a pH 4 ndi 7, inali bwinobwino. Ndinabwereza, 5.8 yomweyo. Ndinawonjezera asidi mamililita 2, koma nthawi inali itapita kale. Potsuka chimera, madzi omaliza kutuluka anafika pa 6.3, ndipo nditalawa ndinamva kumanga kuja kukubwera.

Ndinakhala pa mpando wa kukhitchini ndikubwereza masamu papepala, osapeza polakwika. Mayi akunyumba, amene anali chete tsiku lonse, anatiikira madzi a tiyi. Pamene ankatsanulira ndinaona tizidutswa toyera tikuyandama m'kapu. Ndinapempha ketuloyo n'kusuzumiramo. Pansi ponse panali chikhungwa choyera, chokhuthala ngati chigoba cha dzira. Madzi a calcium 20 sangasiye zotere msanga.

"Mayi, ketulo iyi yakhala chonchi kuyambira liti?"

"Kungoyambira pamene alandilodi analumikiza mjigo ku thanki," anatero. "Sopo nayenso sakuchita thovu. Ndinawauza bambowa, koma anati madzi ndi madzi."

Nkhani yonse inatulukira pamenepo. Kumayambiriro kwa Seputembala, mipope itayamba kuuma masiku angapo pa sabata, eni nyumba anaika pampu pa chitsime chawo chokumba ndi makina n'kulumikiza ku thanki imene imadyetsa nyumba zonse za pampandapo. Mpope wa kukhitchini, umene bambowa amatungira madzi ofululira, umachokera ku thankiyo. Koma nditawapempha sampulo, iwo pofuna kundibweretsera madzi abwino, anakatunga pa mpope wapanja pafupi ndi mita ya madzi, umene umalandira madzi a mumzinda mwachindunji. Sanabise kanthu, kwa iwo inali mipope iwiri ya nyumba imodzi. Wolakwa ndinali ine, amene ndinaona kuti fungo la klorini lasowa mu Seputembala koma osafunsa chifukwa chake, n'kulandira botolo osafunsa kuti latungidwa pa mpope uti. Ku labotale sindingalandire sampulo yopanda malo ndi tsiku. Kwa munthu wobwera kunyumba ndinalekerera, ndipo chimera cha makilogalamu 5 chochokera kutali chinawonongeka nazo. Ndinawapepesa onse awiri.

Madzi a kukhitchini nditawayeza Lolemba anasonyeza alkalinity 260, calcium 55, magnesium 25. Tikawerengera monga mwa Kolbach, alkalinity yotsala calcium ndi magnesium atachita mbali yawo inali cha pa 206, pamene ya madzi a mpope wapanja inali cha pa 91. Botolo lachiwiri lija linamveka tsopano.

Tinakhala pansi kukambirana njira. Bambowa anafunsa ngati sitingangowonjezera gypsum, koma nthawi ino m'phala. Ndinawaonetsa papepala: kuti calcium yekha afafanize 206 ameneyo pakanafunika gypsum magalamu oposa 35 m'malita 30, ndipo sulfate akanafika pafupi ndi 700. Tikanabwerera ku botolo lachitatu. Asidi yekha nayenso sakanatha bwino. Pakanafunika pafupifupi kuwirikiza kawiri mlingo wathu, ndipo asidi wa lactic akachuluka amayamba kumveka ngati chambiko. Mamililita 7.5 aja anali kale pafupi ndi malire amene ndimalola m'malita 20. Njira ina ndi kuwiritsa madzi dzulo lake kuti bicarbonate agwe pansi ngati choko, monga zinkachitikira mu ketulo muja, kenako n'kutsanula a pamwamba. Imagwira ntchito, koma kuwiritsa malita 30 kawiri ndi makala kapena magetsi a masiku ano, mayi anapukusa mutu ndisanamalize n'komwe. Kugula madzi a m'mabotolo osefedwa ndi makina kukanakweza mtengo wa mowawo kufika poti bola kungogula ku sitolo.

Tinasankha chophweka. Anagula dilamu ya pulasitiki ya malita 60 ya zakudya, yokhala ndi chivindikiro, yoti azidzaza pa mpope wapanja tsiku limene madzi abwera, ndipo isamagwire ntchito ina iliyonse. Ndinawapatsanso kabotolo ka madontho oyezera alkalinity, amene pa kabotolopo amalembedwa kuti KH, kamene oweta nsomba za m'galasi amagwiritsa ntchito. Umadontheza m'madzi a mamililita 5 mpaka mtundu usinthe, ndipo dontho lililonse limaimira alkalinity pafupifupi 18. Madzi a m'dilamu anasintha pa dontho la 6, a kukhitchini pa la 14 kapena 15. Si muyeso wa labotale, koma umakwanira kuuza munthu m'mphindi ziwiri ngati madzi a lero ali ofanana ndi a ulendo watha. Ndikanakhala nako m'thumba Loweruka lija, bwenzi titadziwa moto usanayatsidwe.

Ulendo wotsatira unali sabata yachiwiri ya Disembala. Sitinasinthe kalikonse pa dongosolo loyamba lija: theka la Campden, gypsum 4, calcium chloride 3, asidi 5 ndi 2.5. Michere tinaisungunula m'madzi onse asanatenthe, chifukwa gypsum amachedwa kusungunuka ndipo kutentha sikumuthandiza. Phala linawerenga 5.5. Madzi omaliza potsuka anaima pa 5.7. Wort atabwata, zoyandama zinagwirana m'magulu akuluakulu ngati mazira ophwanyira m'madzi otentha, chinthu chimene bambowa anati sanachionepo. Shuga amene tinapeza kuchokera ku chimera chomwecho anakwerako pang'ono poyerekeza ndi zolemba zawo za mu Seputembala, ngakhale sindinganene kuti ndi madzi okha anachititsa, popeza tsikulo tinasefa modekha kuposa kale.

Tinatsegula botolo loyamba sabata yoyamba ya Januwale. Unali woyera bwino, wopanda fungo la kuchipatala, kuwawa kwa hops kumabwera n'kuchoka osasiya lilime louma. Uja wa mu Novembala, wa 5.8, sanautaye, unali womweka kuposa botolo lachiwiri, koma kumanga kunkamvekabe, ndipo kuuika pambali pa watsopanoyo kunawaphunzitsa kusiyana kwake kuposa mmene ine ndikanafotokozera.

Tili pakhonde tsiku limenelo anandiuza za mayi awo owabereka, amene ankafulula masese kumudzi ku Chiradzulu. Anati gogowo ankakana madzi a chitsime china cha pafupi, n'kumatuma ana kukatunga kutali, ndipo iwo ali mwana ankayesa kuti ndi nkhanza chabe. Anandifunsa ngati masese nawonso amafuna gypsum. Ndinati ayi. Phala la masese limasasa lokha ndi tizilombo topanga asidi wa lactic yemweyo amene ife tikugula m'botolo, ndipo asidiyo amakhala wambiri moti bicarbonate wa m'madzi sangalimbane naye. Chimene gogowo ankamva m'madzi a chitsime chija chingakhale mchere, chitsulo kapena fungo la matope. Koma ankalawa madzi asanayambe kufulula, pamene ife awiri, wina ndi kope wina ndi mita, tinalumpha pamenepo.

Madzi a mjigo aja sitinawasiye. Chimera chokazinga mpaka kuda chili ndi asidi wambiri, ndipo m'madzi opanda bicarbonate chimagwetsa pH pansi kwambiri, mowa n'kukhala wowawasa ndi wopyapyala. N'chifukwa chake mizinda ya madzi a bicarbonate wambiri monga Dublin ndi London inatchuka ndi mowa wakuda, pamene Pilsen, ya madzi ofewa kwambiri, inatulutsa lager yoyera mu 1842. Kumapeto kwa Januwale bambowa anafuna kuyesa mowa wakuda wa mtundu wa stout. Tinasakaniza theka madzi a m'dilamu, theka a kukhitchini, n'kuthira calcium chloride magalamu 3 basi, popanda gypsum, popanda asidi m'phala. Chimera chakuda chinali theka la kilogalamu pa makilogalamu 5. Phala linawerenga 5.5. Madzi otsukira okha ndi amene tinawathira asidi, ndipo tinagwiritsa a m'dilamu okhaokha.

Pali chimodzi chimene sichinatheretu. Mu Febuluwale, mvula ili pakati, anandiimbira foni kuti madontho a madzi a m'dilamu asintha pa 5 m'malo mwa 6, ndipo fungo la klorini pa mpope lakula. Nditayeza ndinapeza alkalinity 85. Tinatsitsa asidi wa m'phala kufika pa mamililita 4 ndi wa madzi otsukira pa 2, Campden n'kusiya momwemo popeza theka la piritsi linali kale ndi mpata wokwanira. Phala la ulendo umenewo linawerenga 5.5. Ndawapempha kuti apitirize kulemba madontho mwezi uliwonse mpaka Okutobala, kuti tione mmene madzi a mpope wawo amayendera chaka chathunthu, mvula ndi chilimwe. M'kope muja tsopano muli mzere watsopano pamwamba pa tsamba lililonse: mpope uti, tsiku lotunga, madontho angati. Amene amadontheza ndi kulemba mzere umenewo ndi mayi akunyumba.